Mzere Wachitatu wa a Simoni Kadzuwa

Mukatsika minibasi pa Golomoti n'kumva kuti ngwe, ngwe, ngwe kuseri kwa amayi ogulitsa tomato, dziwani kuti amenewo ndi a Simoni Kadzuwa, akukhoma ndowa. Ndi bambo aafupi, a dazi lowala, ndipo pakamwa pawo sipadziwa kupuma. Nyundo ikalira kamodzi iwo amakhala atayankhula kawiri. Ndowa zawo n'zolimba, pamenepo palibe wotsutsa, koma kumudzi kwawo kwa Kanjuchi sanatchuke ndi malata ayi. Anatchuka ndi kuluza masankho. Chibwerereni mjigo m'mudzimo, chisankho chilichonse cha komiti ya mjigo a Simoni ankaima nawo, chilichonse ankagwa, ndipo ankabwerera kunyumba akuimba mluzu ngati munthu amene wagulitsa katundu yense m'mawa. Zinawayendera choncho mpaka chilimwe chathachi, pamene anapezeka kuti ayenera kusankha pakati pa msana wa mkulu wawo amene anawalera ndi msana wa mkazi wawo.

Nkhani ya misana ili apa. Kwa Kanjuchi zinthu za m'mudzi savotera pa pepala. Opikisana amaima pansi pa mlambe wa pabwalo atafulatira anthu, maso ku tsinde, kenako aliyense amakaima kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Wa mzere wautali ndiye tcheyamani, womutsatira ndi wachiwiri wake, otsalawo amangowaombera m'manja. Woima kutsogolo saloledwa kucheuka mpaka owerenga atamaliza. Akuti n'cholinga choti asasokoneze anthu ndi diso. Lamulo labwino ndithu, koma amene analipanga anaiwala kuti ena onsewo maso ali nawo. Apongozi ako amaona pamene waima, akulu a mpingo amaona, mnzako wopemphana naye mchere amaona.

Mudziwo unakhala motere. Kumtunda kuli Akatolika, zidzukulu za anthu amene anaphunzira ku Mua. Kumunsi, cha kumadambo a mpunga, kuli Asilamu ndi mzikiti wawo wa penti yobiriwira. Mjigo uli pakati. Masiku wamba simungadziwe kuti uyu ndi wa kuti. Ukwati ukakhala kumtunda, mbuzi amasinga ndi Msilamu kuti aliyense adye mosakayika. Mwezi wosala ukatha, ana a kumtunda amatsetsereka ndi mbale zawo kukadya nawo mpunga wa Idi. Maliro ndiye osanena, amalira onse. Koma tangotchulani chisankho, muone. Mizere imangodzigawa yokha, wa tchalitchi apa, wa mzikiti apo, ngakhale nkhani yake ndi yogula girisi wa mjigo basi.

A Simoni anabadwira kumtunda. Makolo anamwalira iwo akadali kamwana koyenda opanda kabudula, ndipo amene anawatenga ndi mkulu wawo, a Mathias, omwe panthawiyo ndevu zinali zisanamere. A Mathias anasiyira sukulu panjira n'kuyamba kukhoma malata kuti mng'ono wawo adye. Ndi iwo anawagwiritsa nyundo koyamba, ndi iwo ankawakoka khutu kupita nawo ku katekisimu. Ndi munthu wa kolona m'thumba, wonena kamodzi, woseka pa Khirisimasi pokha. Mpaka lero a Simoni, dazi lonselo, akamva kuti "iwe Simoni" amaimirira asanadziwe n'komwe chimene alakwa.

Mkazi anamupeza chifukwa cha ketulo. Mtsikana wa kumunsi, dzina lake Mwanjuma, anabweretsa ketulo ya mayi ake yodontha. A Simoni anaimata, koma mawa lake inadonthanso. Anaimatanso, inadonthera pena. Anthu anayamba kunena kuti mmisiri ameneyu ndi wabodza, osadziwa kuti mnyamata akuchitira dala kuti mwini ketulo abwerenso. Mwanjuma anazindikira msanga, koma ketuloyo ankabwera nayobe. Abale a mbali zonse anakwiya, anakhala pansi, anakwiyanso, mapeto ake anatopa. Anagwirizana kuti aliyense azipemphera kwawo. Nyumba anamanga pakati pa mudzi. Lamlungu a Simoni amakwera kumtunda, Lachisanu a Mwanjuma amatsetsereka kumunsi, ndipo ya nkhumba bambowo amadyera pa Golomoti pomwepo n'kutsuka m'kamwa bwinobwino asanaponde pakhomo. Banja linakoma, anthu amene ankati silitha chaka mpaka anachita manyazi.

Mjigo utabwera, pa chisankho choyamba anaima a Mathias ndi Che Twaibu, mlongo wawo wa a Mwanjuma. Anthu atayamba kufola, a Mwanjuma anatsala okha pakati pa bwalo, mwana wawo woyamba, Katerina, ali kumsana. Akapita kwa mlongo wawo, akuchimuna ati tinanena kuti mkazi ameneyu si wathu. Akapita kwa alamu awo, kumunsi ati mwana wathu watayika. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, misozi ili lengelenge. A Simoni zinawapweteka mumtima, ndipo asanaganize n'komwe dzanja linali litakwera kale.

"Pepani akuluakulu, inenso ndiima nawo."

Bwalo lonse linafa nacho chiseko, poti munthuyo ngakhale nkhuku za pakhomo pake sizinkamumvera. Koma lamulo silinkaletsa. Anakaima pansi pa mlambe, ndipo a Mwanjuma anapukuta maso n'kukaima kumbuyo kwa mwamuna wawo. Ndani angamunene mkazi woima kumbuyo kwa mwamuna wake? Posakhalitsa kunabwera mkulu wina wa Gule Wamkulu amene analibe nazo ntchito za tchalitchi ngakhale za mzikiti. Kunabwera mayi wina wa kumtunda amene mwana wake anakwatiwa kumunsi, kunabwera mphunzitsi wa Sabata, ndi ena ochepa a mitima iwiri. A Simoni anathera kumapeto. Madzulo ake anagwira tambala, anaitana Che Twaibu kuti adzasinge, anaitananso a Mathias amene anawina, ndipo onse atatu anadyera mbale imodzi akukangana za amene adye nthutumba.

Kuyambira pamenepo unasanduka mwambo. Kampeni ya a Simoni inali gule wa mudzi wonse. Ankavundikira ndowa, n'kukwerapo kuti aoneke, n'kuyamba kulonjeza. Akawina, mjigo uzitulutsa thobwa m'mawa, madzi masana. Udzudzu wa kumadambo aukhazika pansi akambirane nawo ngati anthu akuluakulu. Dzuwa la Okutobala alilembera kalata lisamukire ku Dedza kumapiri, kumene anthu akulifuna. Ana ankawalondola akuimba zitini, akuluakulu ankaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kusekako kunkaziziritsa mitima tsiku la mizere lisanafike. Mzere wawo anthu anautcha wa ousa mvula. Chaka china ankawina a kumtunda, chaka china a kumunsi, woluza n'kukhala wachiwiri, madzi n'kumatuluka.

Chaka chimodzi chokha ndi chimene anatsala pang'ono kupsa. Mbali zonse zinali zitatopa ndi atsogoleri awo, ndipo a Simoni ali chifulatire anamva mapazi akuchuluka kumbuyo. Anayamba kufuula akuyang'ana tsinde la mlambe kuti anthuni ganizani bwino, za thobwa zija zinali zabodza, ine ngakhale sipanala sindidziwa kugwira. Ena anachokadi akuseka, ndipo a Simoni anapulumuka, analuza bwinobwino.

Tonse tinkati bambowa ndi anzeru, ndipo analidi anzeru. Koma panali kanthu kamene sitinkakaona. Woima kutsogolo savota. Masankho a boma a pepala aja a Simoni ankawakonda, ankalawirira, n'kubwera akuonetsa aliyense chala cha inki, chifukwa m'kachipinda muja palibe amakuona. Koma pabwalo la kwawo, zaka zonsezo, anali asanaimepo kumbuyo kwa munthu. Akakumana ndi a Mathias ankati, "Achimwene, mukudziwa kuti ndikanapanda kuima ndikanakhala kwa inu." Akakumana ndi Che Twaibu ankati, "Alamu, mtima wanga mukuudziwa." Onse awiri ankakhulupirira, ndipo a Simoni ankagona tulo tabwino.

Ndiye kunabwera chilimwe chathachi, dzuwa lija la kuno lomwe limawotcha mapazi muli mu nsapato. Mnyamata wina wa kumtunda, wokazinga nkhumba pamsewu, anachita ulesi kutunga madzi kuti akatsukire kwawo. Anatsukira chiwaya ndi beseni lake pa simenti ya mjigo pomwepo, mafuta ali mbwee. Linali Lachisanu, nthawi imene amuna a kumunsi amabwera kudzatunga madzi osamba asanapemphere. Kunali kupusa chabe, koma a kumunsi anati n'chipongwe chochita kukonza. Anyamata awo anakulunga unyolo pa chogwirira cha mjigo n'kutseka ndi loko. A kumtunda anati, nanga iwo akamatsukira mapazi pomwepo ife timanena? M'mawa mwake anabwera ndi loko wawo, wamkulu kuposa woyambayo, n'kutseka pamwamba pake. Ngati ife sitimwa, inunso simumwa. Kiyi wa loko mmodzi anapita kwa Che Twaibu, wa mnzakeyo kwa a Mathias, ndipo aliyense anati atsegula mnzake akayamba.

Poyamba zinali zoseketsa, mpaka oyendetsa kabaza ankabwera kudzajambula mjigo wa maloko awiri. Koma zinafika poipa. Miyala inauluka, malata a mzikiti anabooka, zenera la katchalitchi ka kumtunda linasweka, mwana wina anakasokedwa pamphumi. Pa maliro a gogo wina anthu anakhala magulu awiri, osapatsana moni, chinthu chimene sichinaonekepo kwa Kanjuchi. A Simoni anayesa kuponya nthabwala pamenepo, palibe anaitola. Amuna ankakangana ali pamthunzi. Amayi ndiwo ankalawirira kumtsinje wouma kukafukula mchenga, n'kubwera ndi madzi ofiira, makosi ali gwa. Ana anayamba kutsegula m'mimba, a kumtunda ndi a kumunsi mofanana. Apa m'pamene mayi Josephine, alangizi a zaumoyo, anagwirizana ndi akuluakulu kuti komiti yonse ithe, kukhale chisankho, ndipo wopambana alandire makiyi onse awiri. Anasankha Lachitatu, chifukwa ndi tsiku lopanda mwini.

A Simoni anayamba kukonza malonjezo atsopano. Tsiku lina masana akuyeserera pakhonde, a Mwanjuma anafika kuchokera kumtsinje, anatula ndowa, n'kukhala pansi akusisita khosi.

"Bambo a Katerina, chaka chino musavutike ndi kampeni. Ndiima ine."

A Simoni anaseka, poyesa kuti mayiwo ayamba kuphunzira nthabwala ukalamba uno. Ataona nkhope ya mayiwo, kuseka kunathera pomwepo.

"Muima kuti muluze, ngati ine?"

"Ndiima kuti ndiwine. Achimwene anu ndi achimwene anga onse awiri sadziwa kulemera kwa ndowa. Ine ndikufuna maloko achoke, ndipo pa mjigo pasatsukidwenso kanthu, kaya chiwaya kaya mapazi. Wofuna kutsuka atunge apite nawo uko. Ndayankhula kale ndi amayi anzanga kumtsinje, a kumtunda ndi a kumunsi omwe, ndipo alonjeza."

"Nanga ine ndiye nditani?"

"Muvote."

Liwu limodzi lokhalo linawatulutsa a Simoni thukuta kuposa dzuwa. Anayesa kunena kuti mayi, zandale n'zonyansa, muonda nazo. Anayesa kunena kuti ousa mvula aja akalowera kuti. A Mwanjuma anangodzuka n'kuyamba kusefa madzi aja ndi kansalu.

Nkhani inafika kumtunda madzi a m'ndowayo asanathe. Mawa lake a Mathias anatulukira pa Golomoti, anakhala pa benchi la makasitomala, moni osapereka.

"Iwe Simoni, n'zoona kuti amake Katerina akuima?"

"Akutero, achimwene."

"Ndiye ukuwalola?"

"Kodi ndinayamba ndawaletsapo kanthu n'kutheka?"

A Mathias sanaseke. "Tamvera. Anthu aja aswa zenera la nyumba ya Mulungu. Chaka chino si cha thobwa. Chikulerereni sindinakupemphepo kanthu, lero ndikukupempha. Ubwere kumbuyo kwanga, anthu aone kuti ndiwe wa ndani. Zikakukanika, kaime kutsogolo monga umachitira, kuti anthu ako aja asatsetserekere kumunsi. Chibale ndi fupa, sichiwola."

Anadzuka n'kumapita, akukoka mwendo pang'ono. A Simoni anaona kuti mkulu wawo wakalamba, ndipo anamva chisoni chosakanikira ndi mantha. Munthu ameneyu anagona ndi njala kuti iwo akhute. Ndowa imene ankakhoma tsiku limenelo inatuluka yopendama, anaibisa pansi pa benchi.

Che Twaibu nawonso anadutsa pa njinga yawo. Anati mlongo wawo akuchititsa banja manyazi ndipo agawa mavoti a kumunsi, ndiye inu alamu, poti ndinu mwamuna, muwakhazike pansi. Lamlungu ku tchalitchi ena ankawayang'ana a Simoni cham'mbali, ena ankawagwira paphewa n'kunong'ona kuti tikudalira inu. Kulikonse ankangoti ndamva, ndamva. Khoswe anali atakhala pa mkhate, ndipo a Simoni, mwa nzeru zawo zonse, anangopeza njira imodzi.

"Amake Katerina, malata andithera. Lachitatu ndiyenera kulawirira ku Salima kukagula."

"Awo mwaunjika kuseri kwa nyumbawo ndi masamba a nthochi?"

A Simoni anakanda dazi. A Mwanjuma anasiya mpunga umene ankapeta, anasendera pafupi, n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Bambo a Katerina, tsiku lija munandiimira sindidzaliiwala mpaka kumanda. Munandipatsa pobisala ndili mwana. Koma ndabisala mokwana, ndipo inunso mwabisala mokwana. Mthunzi uja munkapangira ife, koma amene ankakhala pozizira penipeni ndi inu. Sindikuti mubwere kwa ine. Achimwene anu anakulerani. Mukakaima kumbuyo kwawo zindiwawa, koma madzi osamba ndikuikirani ngati masiku onse. Chimene ndikupempha n'chakuti mukaime kumbuyo kwa munthu. Mapanga awiri avumbwitsa."

Ku Salima a Simoni sanapite.

Lachitatu bwalo linadzaza. Kunalibe zitini, kunalibe nyimbo. A kumtunda anakhala mbali yawo, a kumunsi yawo, anyamata ena manja ali m'matumba mokayikitsa. Amayi ambiri anafika kuchokera kumtsinje n'kutula ndowa zawo m'mphepete mwa bwalo. Mayi Josephine anaitana opikisana. A Mathias anakaima, Che Twaibu anakaima, a Mwanjuma anakonza mpango kumutu n'kukaima chakumapeto. Onse atatu anafulatira anthu.

"A Simoni," anatero mayi Josephine, "malo anu ndakusungirani, ndi awa."

Ousa mvula aja anali atasonkhana kale pambali, akudikira mwini mzere. A Simoni anaimirira.

"Chaka chino ndapuma, amayi. Thobwa lija chimera chake sichinamere."

Anthu angapo anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunali koyamba kumveka pabwalopo chitsekereni mjigo. Mayi Josephine anaimba kherere kuti anthu afole. Amuna a kumtunda anayamba kusunthira kwa a Mathias, a kumunsi kwa Che Twaibu, koma maso a onse anali pa bambo wa dazi uja.

A Simoni anayenda. Patapita zaka zonsezi, aka kanali koyamba kuiona misana ya opikisana. Wa a Mathias unali wowerama, malaya a Lamlungu atasitidwa bwino, kachigamba kali paphewa. Ndi msana umenewu unawabereka kupita nawo kuchipatala ku Mua atadwala chikuku. Anaima pamenepo kanthawi, misozi ikubwera, ndipo a kumtunda anayamba kuwapatsa malo. Kenako anayang'ana kumapeto kuja. A Mwanjuma anaima njo, mutu uli m'mwamba, koma manja anali atawaika kumbuyo ndipo zala zinkanjenjemera. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Amayi aja analonjeza kumtsinje anali chiimire pa ndowa zawo, aliyense akuba ndi diso mwamuna wake, aliyense akudikira kuti ayambe wina.

Apa a Simoni anadzifunsa funso limene anali asanadzifunsepo pabwalo limeneli, loti kodi mwa atatuwa akunena zoona za mjigo ndani. Yankho silinavute, ndipo likanakhala lomwelo ngakhale mayiwo akanakhala mkazi wa mwini. Chovuta chinali miyendo. Anaikoka. Anadutsa msana wa a Mathias, anadutsa wa Che Twaibu, n'kukaima kumbuyo kwa a Mwanjuma, pafupi kwambiri moti chala chawo cha kuphazi chinagunda chidendene cha mayiwo. Lamulo limaletsa kuyankhula pamzere, koma ndi lamulo liti linatsekapo pakamwa pa a Simoni?

"Amake Katerina, musanjenjemere, mukundichititsa manyazi," ananong'ona.

Mapewa a mayiwo anagwedezeka. Kaya kunali kuseka kaya kulira, a Simoni sanadziwe, koma zala zija zinakhala bata.

Ousa mvula anayang'anizana. Mwini mzere anali atasamuka, ndiye nawo anangomutsatira, a Gule, a Sabata, a mitima iwiri onse aja. Kenako mayi mmodzi wa kumunsi anasiya ndowa yake n'kubwera. Wa kumtunda anamutsatira. Apo ndiye anangoti piringupiringu, mipango ya ku mzikiti ndi zitenje za ku tchalitchi pa mzere umodzi. Amuna ena ankaitana akazi awo ndi maso, koma akaziwo anali atatanganidwa kuyang'ana malambe m'mwamba. Madoda angapo amene ana awo anagonekedwa ndi m'mimba anachoka pa mizere yawo mwakachetechete n'kukaima kumapeto. Mzere unatuluka mumthunzi wa mlambe, unakhota pa chulu, n'kukafika panjira.

Mayi Josephine anawerenga, anabwerezanso mokweza kuti pasakhale wonena. A Mwanjuma anawina kutali. A Mathias anakhala achiwiri. Che Twaibu anatenga malo a a Simoni, kumapeto.

"Tsopano cheukani."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. A Mwanjuma atacheuka anagwira pakamwa, osakhulupirira. Che Twaibu anaona akazi awo ali pakatikati pa mzere wa mlongo wawo, anapukusa mutu, kenako kuseka kunawagonjetsa. Anapisa m'thumba.

"Kunyumba ndaluza, kubwalo ndaluza. Tengani kiyi, achemwali, musanandilandenso kofia."

A Mathias sanaseke. Maso awo anayenda pa mzere wawo kuchokera koyamba mpaka kumapeto, sanamupeze amene ankamufuna. Anayang'ana malo aja a ousa mvula, panalibe munthu. Kenako anamuona, ali woyamba pa mzere wina. A Simoni analakalaka nthaka itang'ambika, koma sanasunthe ndipo sanagwetse nkhope. A Mathias anapita kwa a Mwanjuma, anapereka kiyi ndi manja awiri, n'kuti, "Zikomo, a tcheyamani." Mng'ono wawo anangomudutsa, ndipo chimwemwe chonse cha a Simoni chinazizira pomwepo.

Khamu lonse linakhamukira ku mjigo likuimba nyimbo ya pamtondo, ija ilibe mpingo. Anyamata aja anatulutsa manja m'matumba, timiyala tikugwera m'njira. A Mwanjuma anatsegula loko woyamba, anatsegula wachiwiri, unyolo unagwa pa simenti. Amayi anataya madzi ofiira aja n'kundandika ndowa. Koma mjigo, pokhala nthawi yonseyo osagwira ntchito, unali utauma kukhosi, ndipo chogwirira chinalimba. A tcheyamani atsopano anayang'ana uku ndi uku, n'kupereka lamulo lawo loyamba.

"A wachiwiri, ndi inu bambo a Katerina, tapopani. Amayiwa atopa."

Madoda awiriwo anagwira chitsulo chimodzi, mapewa akugundana. Anapopa, kunangotuluka mpweya. Anapopanso, mpweya wokhawokha. A Mathias ndi amene anayamba kuyankhula, maso ali pa chitsulo.

"Zandiwawa, Simoni."

"Ndikudziwa, achimwene."

"Zandiwawa kwambiri." Anapopa kangapo akupuma mwabefu. "Koma zaka zonsezi sindinkadziwa kuti munthu amene ndinalera amaima pati. Lero ndakuona. Popa, usandisiyire ndekha, ukuyesa ndikadali mnyamata?"

A Simoni anapopa ndi mphamvu zawo zonse, akuseka, misozi ikutsikira m'kamwa. Mjigo unakhosomola, unalavula dzimbiri, kenako madzi oyera anakhuthukira m'ndowa yoyamba, amayi akuvina mozungulira. Anyamata anabwera kuti alandire chitsulo, a Mathias anawakaniza ndi mutu. Awiriwo sanasiye kupopa mpaka ndowa yomaliza itadzaza.